Nyimbo ya Agnesi

Zaka za makaseti

Amayi anu amati ndikayamba kusimba za kuntchito tiyi amazizira ndipo nkhani siitha. Ndiye ndati ndilembe, kuti amene afuna aziwerenga tiyi wake ali wotentha. Za ubwana wanga ndazidumpha, popeza mudazimva kale kwa azakhali anu, ndipo iwo amazikometsa kuposa ine.

Ndiyambira pomwe ndidalembedwa ntchito ku bungwe loteteza umwini wa nyimbo, mabuku ndi zisudzo, ofesi ya ku Lilongwe. Ntchito yanga yoyamba idali kumata masitika pamakaseti. Woimba akajambulitsa nyimbo zake, makaseti ankabwera m'makatoni, ife n'kumata kasitika konyezimira pakaseti iliyonse, kusonyeza kuti mwini nyimbo wavomereza ndipo adyapo thukuta lake. Kaseti yopanda sitika idali yakuba. Ndinkaweruka zala zili nyezinyezi, moti amayi anu, amene nthawiyo ndinkawafunsira kumene, ankayesa ndimagwira ntchito yokonza mawotchi.

Bwana wanga woyamba adali a Gondwe, munthu wamtali wa kumpoto, woimba bezi kutchalitchi kwawo. Sankakalipa, koma akati "Mbewe" ndi mawu awo aja, mpando unkachita kunjenjemera. Ndiwo adandiphunzitsa ntchito yonse m'mawu ochepa. "Mbewe," adatero, "nyimbo ndi munda. Wina walima, wina asabwere ndi ngolo." Ataona kuti ndine wosatopa, adandipatsa njinga yamoto ndi chigawo changachanga: Mpingu, Namitete, Nsaru, Kabudula mpaka Nambuma, kwawo kwa amayi anu. Ndinkayendera masiku a msika, kulanda makaseti opanda sitika.

Dzina la Mbewe lidathera panjira. M'misika yonseyo ndidali a Sitika. Ndikangozimitsa njinga, amayi ogulitsa tomato ankapatsirana uthenga, ndipo makaseti ankalowa pansi pa milu ya kaunjika ine ndisadavule chisoti. Poyamba zinkandipsetsa mtima. Kenaka ndidazolowera, mpaka ndikafika pamsika popanda wondithawa ndinkachita ngati ndanyozedwa.

Pa Nsaru padali mnyamata mnzanga wina, dzina lake Yohane, amene adali ndi wailesi ya makomo awiri yokopera makaseti kuseri kwa golosale ya amalume ake. Ameneyo sankathawa. Akandiona ankapukuta benchi.

"Achimwene, mwabweranso? Khalani kaye mukukute chimanga chootcha. Makasetiwo alibe miyendo."

"Yohane, udzasiya liti kuba?"

"Tsiku lomwe oimba anuwo adzabweretse makaseti awo kuno ku Nsaru. Kodi munthu akwere basi mpaka mutauni chifukwa cha nyimbo?"

Ndinkakukuta chimangacho, kenaka n'kulanda makaseti. Iye ankandithandiza kumanga katoni panjinga ndi mphira, ati ingagwe panjira. Ndinkamukonda munthu ameneyu, ngakhale kuti m'malipoti anga ndinkamutcha dzina loipa.

Zaka za masidi ndi kusowa kwa mafuta

A Gondwe atapuma, kudabwera Mayi Lungu, ophunzira zamalamulo, ang'ono kwa ine koma akuthwa mutu. Sankazungulira polankhula, ndipo ndiwo adatimenyera nkhondo mpaka tidayamba kulandira majombo ndi majekete a mvula. Makaseti adatha, kudabwera masidi, ndipo Yohane adagulitsa wailesi yake n'kugula makina ena.

Zaka zomwe mafuta adasowa m'dziko muno njinga yanga idagona kuseri kwa ofesi mpaka matayala kuphwa. Ndinkapita ku Kabudula pamwamba pa lole yonyamula mabelo a fodya, kubwerako pakabaza, katoni ya masidi olanda ili pamiyendo. Masitika nawo adasowa, poti ankachokera kunja. Oimba eniake adayamba kugulitsa masidi awo opanda sitika, ndipo ine ndidasowa posiyanitsa wakuba ndi mwini. Tsiku lina pa Namitete ndidalanda masidi kwa bambo wina, iye n'kungondilozera chithunzi cha pachikuto. Idali nkhope yake yomwe, tayi yakenso yomweyo. Ndidabweza ndi manja awiri.

Kenaka kudabwera timamemore ta m'mafoni. Yohane adagula kompyuta, n'kuyamba kubena, kutanthauza kuthira nyimbo m'foni ya aliyense wobwera nayo. Ndidapita kwa Mayi Lungu ndi kamemore kamodzi pachikhatho.

"Bwana, sitika ndimate pati? Kanthuka n'kochepa kuposa chikhadabo changa."

Adaseka mpaka kuvula magalasi. "A Mbewe, dziko latithawa. Tizingolithamangira." Kuyambira pamenepo ntchito yanga idasanduka yopereka ziphaso kwa obena ndi a mavidiyo, ndi kulanda makompyuta a okana.

Chaka chomwe nyimbo idalowa m'mabala

Tsopano ndifike pa nkhani yomwe ndalembera mutu uno. Mukuwakumbukira Anachisale a kumudzi kwa amayi anu, amene ankatsogolera amayi oimba a mumphakati wathu wa kutchalitchi. Mwana wawo wamkazi, Agnesi, adamwalira atangobereka mwana wake woyamba. Idali nyengo yosoka fodya. Anachisale adakhala m'chigafa masiku ambiri osalankhula ndi munthu, akungosoka ndi kung'ung'udza. Amayi anzawo osoka nawo adayamba kuwayankha pang'onopang'ono, ndipo nyimbo idabadwira momwemo. Mawu ake oyamba adali akuti, tsegulani chitseko, mwana akupita, musamuitane.

Nyimboyo idakhala ndi mwambo wake. Inkaimbidwa kamodzi kokha pamaliro, nthawi yomwe bokosi likutuluka m'nyumba ya siwa. Padalibe ng'oma, padalibe kuomba m'manja, ndipo palibe ankaiimba kumunda kapena kudambo. Ine ndidaimva koyamba pamaliro a agogo anu aamuna. Ndidali nditamva nyimbo zambiri pantchito yanga, zambiri mwa izo ndikuzilanda, koma tsiku limenelo ndidalira ngati mwana pakati pa akamwini anzanga.

Patapita zaka, munthu wina adaijambula pafoni pamaliro ena, n'kupita nayo kwa Yohane. Yohane adaithira m'mamemore pamodzi ndi nyimbo za makwaya. Idayenda foni ndi foni mpaka idafika mumzinda kwa woimba wina wachinyamata, dzina lake Dalitso, membala wa bungwe lathu. Iye adaithamangitsa, adaiikira ng'oma za pakompyuta, adailembetsa kuofesi kwathu m'dzina lake, n'kuiponya pa intaneti. Idagunda m'mabala, m'maukwati ndi m'maminibasi. Anthu adaiika m'mafoni kuti izilira wina akawaimbira. Nthawi yoyamba kuimva ya Dalitsoyo ndidali pa Mpingu, amuna akuvina botolo lili m'manja, akukuwa kuti tsegulani chitseko. Chakudya chidandikanika tsiku limenelo.

Choipa chenicheni chidachitika ku Nambuma komweko. Pamaliro a mkulu wina, bokosi likutuluka, amayi adaiyamba monga mwa nthawi zonse. Anyamata okhala kumbuyo adayamba kugwedeza mapewa osadziwa n'komwe, ndipo mmodzi adalephera kudziletsa kuseka. Anachisale adakweza dzanja, nyimbo n'kudukira pakati. Kuchokera tsikulo sidaimbidwenso. Anthu ankatulutsidwa m'nyumba zawo ndi nyimbo za m'buku, zomwe n'zabwino ndithu, koma aliyense ankamva kuti pasowa kanthu.

Ndiye kuofesi kudabwera dandaulo lochokera kwa oyendetsa za Dalitso, loti kwaya ina ya kumudzi yakopera nyimbo yawo, ndipo wobena wa pa Nsaru akuigawa. Mayi Lungu adandituma kuti ndikalande kompyuta ya Yohane. Nditafika, benchi silidapukutidwe. Yohane, amene tsopano adali ndi imvi ngati ine, adali atazula kale mawaya.

"Nyamulani, achimwene," adatero. "Zina zonse zija ndinkakutsutsani. Iyi yokha ndalakwa. Amayi anga omwe anatuluka nayo m'nyumba nyimbo imeneyi."

Ndidaiyang'ana kompyutayo. Kuinyamula kukadatanthauza kuvomera kuti amayi a m'chigafa aja ndiwo akuba. Ndidamuuza kuti abwezeretse mawaya ake, ndipo ndidabwerera ku Lilongwe chimanjamanja, koyamba pantchito yanga yonse.

Mayi Lungu adamvetsera nkhani yanga mpaka kumapeto. Kenaka adandiyalira lamulo. "Njira ndi ziwiri, a Mbewe. Mayiwo akanena kuti nyimbo ndi yawo, tiwalembetsa, azigawana ndi Dalitso. Akapanda kunena, ndiye kuti ndi nyimbo ya makolo. Za makolo amayang'anira ndi boma, Dalitso atenga chiphaso n'kupitiriza."

"Bwana, iwo safuna kugawana. Afuna ichoke m'mabala."

"Woletsa ndi mwini yekha. Pitani mukawauze atero."

Loweruka ndidapita ku Nambuma. Ndidawapeza Anachisale akusenda mtedza pakhonde, ndipo ndidakhala pansi patali pang'ono monga ayenera mkamwini. Ndidafotokoza zonse, kuti chofunika n'chimodzi chokha, anene pamaso pa anthu kuti nyimboyo ndi yawo.

"Akamwini," adatero osasiya kusenda, "mukamuveka mwana nsalu pokamuika, mumakaitenganso mawa lake?"

"Ayi, mayi."

"Nanga nyimboyi? Ndinampatsa Agnesi, anapita nayo. Enawa timangowabwereka pakhomo kuti awaperekeze. Ndinene bwanji kuti ndi yanga? Kwathu kuno nyimbo ya maliro saitchula mwini, eti simudziwa?"

Ndinkadziwa. Ndidachonderera mpaka dzuwa kupendeka, koma adangondipatsa mtedza m'kathumba kuti ndikapatse inu.

Lolemba Mayi Lungu adati ndilembe lipoti loti nyimboyo ndi ya makolo, nkhani ithe. Adandikumbutsa, mosapsatira monga mwa khalidwe lawo, kuti Dalitso ndi membala, ndipo malipiro awo ndi anga ankachokera kwa anthu ngati iye. Ine ndidali pafupi kupuma, inu awiri omaliza mudakali kusukulu, ndipo mantha ndidali nawo ndithu. Koma nyimbo ya makolo ndi yomwe woipeka adaiwalika. Iyi woipeka ndidamusiya dzana pakhonde akusenda mtedza. Ndidakana. Ndidapempha chinthu chimodzi, kuti mlanduwo ukakambidwire ku Nambuma, Dalitso akabwere yekha.

Mayi Lungu adatambasula dzanja. "Makiyi a njinga. Kuyambira mawa muzikhala kusitolo yosungira katundu wolanda. Munthu wokana kutumwa sindingamusiye m'misika, ena angatengere." Ndidapereka. Ndikutuluka adaonjezera kuti, "Ku Nambumako tipita." Sindidawasungire chakukhosi. Nawonso adali ndi mabwana awo, ndipo chomwe ndidapempha adandipatsa.

Tidakumana m'holo ya parishi masana. Dalitso adabwera ndi loya, atavala magalasi akuda ndi kapu. Amayi a mumphakati adakhala pamphasa mbali imodzi, zitenje zawo zofanana. Loyayo adali waulemu, ndipo adafunsa Anachisale funso lomwe ndinkaliopa.

"Mayi, kodi nyimboyi ndi yanu?"

"Ayi."

Loya adatembenukira kwa Mayi Lungu ngati wamaliza ntchito. Koma Dalitso, amene adali asadalankhulepo, adafunsa yekha.

"Nanga ndi ya ndani, amayi?"

"Ndi ya Agnesi."

"Ali kuti Agnesiyo? Bwanji sanabwere?"

"Ali kuseri kwa mitengo mukuiona apoyo, mwana wanga. Anasiya khanda la masiku ochepa. Ine ndinasowa chomuuza potuluka m'nyumba, ndiye ndinamuuza zimenezo."

Mayi wina pamphasa adafotokoza za m'chigafa, momwe Anachisale ankang'ung'udzira ndi momwe iwo adayambira kuyankha. Adanenanso za anyamata ogwedeza mapewa aja. Dalitso adavula magalasi, kenaka kapu. Popanda zimenezo adaoneka mwana ndithu, wa msinkhu wa mkulu wanu.

"Ine ndimayesa ndi yakalekale, yopanda mwini," adatero. "Ndimayesa akunena chitseko cha chisangalalo. Palibe anandiuza kuti pali bokosi." Loya adamugwira pamkono, iye n'kuchotsa dzanjalo. Adadzuka pampando, adakagwada pamphasa, ndipo adalonjeza kuti aichotsa ponseponse ndi kusiya kuiimba.

Adachitadi. Adaichotsa patsamba lake la pa intaneti, adalembera nyumba zoulutsira mawu, ndipo Mayi Lungu adaifafaniza padzina lake. Pobwerera adandinyamula pagalimoto yawo, n'kunena kuti m'mabuku awo onse a zamalamulo mudalibe mlandu wothera pamphasa. Makiyi a njinga sadandibwezere.

Koma madzi akatayika saoleka. Nyimbo idali kale m'mafoni a anthu osawerengeka, ndipo ena adaiponyanso pa intaneti m'maina awo. Tikachotsetsa pano, mawa yamera apo ngati bonongwe. Mumzinda akuluakulu ankakumana m'mahotela kukangana za malamulo atsopano a intaneti, ndani aletse, ndani alipire, ndani amangidwe. Ine ndinkamva nkhanizo ndili kusitolo, pakati pa milu ya masidi oti palibenso amene adali ndi choimbira chake. Mlandu tidapambana, koma ku Nambuma mabokosi ankatulukabe opanda nyimbo ija. Zimenezi zidandiwawa mpaka tsiku lopuma.

Nditapuma

Titasamukira kuno ku Nambuma, ndidayamba kuona kuti nyengo yosoka fodya amayi a mumphakati akuchedwa m'chigafa cha Anachisale, amayi anu ali momwemo. Ndikafunsa ankati fodya wachuluka, chonsecho chaka chimenecho fodya adali wochepa. Anachisale atayamba kudwala adandiitanitsa. Ndidawapeza atagona pamphasa, ataonda, koma maso ali akuthwa.

"A Sitika," adatero, ndipo kadali koyamba kunditchula choncho, "akuti kulanda mudazolowera."

"Ndidapuma, mayi."

"Mudzapumanso mukatha iyi. Ndapeka ina. Amayiwa aidziwa, koma siinatulukepo m'chigafa. Idzayambira pa ine. Tsikulo mudzatenge lichero, mudzaime pakhomo. Aliyense aikemo foni, angakhale akatekisiti. Wokana akaime kumsewu. Ikatha nyimbo mudzawabwezere."

"Mwamuna ndi lichero, mayi? Anthu adzaseka."

"Aseke lichero. Asaseke nyimbo."

Adamwalira chimanga chitakololedwa. Anthu adabwera ambiri, ena ochokera ku Nsaru ndi ku Kabudula. Mwambo wa m'nyumba utayandikira kutha, mkulu wa mphakati adalengeza zomwe malemu adanena, ndipo ine ndidayenda ndi lichero pakati pa anthu, ndikuwapempha kuti azimitse asadaike. Ndinkayembekezera mikangano monga ya m'misika. Padalibe wokana. Adzukulu okumba manda adapukuta dothi m'manja n'kuika awo, aphunzitsi adaika, agogo ena adamasula kafoni pamfundo ya chitenje. Lichero lidalemera mpaka ndidalitsamiza pamimba.

Ndidaima pambali pa khomo. Chitseko chidatsegulidwa, mutu wa bokosi udaonekera, ndipo ndidamva amayi akukoka mpweya kuti ayambe. Pomwepo foni imodzi, penapake pansi pa zinzake, idayamba kulira. Mwini wake adali ataiwala kuzimitsa. Idalira nyimbo ya Agnesi, ija ya ng'oma za pakompyuta.

Nthawi yofufuza padalibe. Ndidavula jekete, ndidavundikira lichero, n'kuliyatsa liwiro kulowa m'munda, mapesi akundikwapula m'miyendo. Woimba foniyo adali wakhama, ikaduka ankaimbanso. Ndidapitirira mpaka kudambo, komwe ndidatsimikiza kuti phokosolo silingafike pakhomo. Kumeneko mawu a amayi nawo sankafika. Ndidakhala pachulu, lichero lili pamiyendo, ndikupuma ngati galu, ndipo ndidawalirira Anachisale ndili ndekha.

Pobwerera ndidapeza bokosi lili kale panjira ya kumanda. Amayi anu adatsalira kundidikira, maso ali ofiira.

"Yaimbidwa?" ndidafunsa.

"Yonse, mpaka kumapeto. Palibe wagwedeza phewa."

Kuyambira pamenepo maliro alionse a mumphakati mwathu lichero ndi langa, ndipo sindidikiranso kuti foni ilire. Chitseko chisadatsegulidwe ndimakhala ndili kale kudambo. Choncho musandifunse kuti nyimbo yatsopanoyo imati chiyani, chifukwa mpaka lero sindidaimvepo. Amayi anu amaidziwa, koma ndikawanyengerera amati ndisafulumire, ndidzaimva tsiku langa. Tsiku limenelo mmodzi wa inu adzagwire lichero, ndipo adzapite nalo kutali.